Othello: zinatheka bwanji kuti msilikali wanzeru chonchija aphe mkazi wake chifukwa cha kampango?

Masiku apitawa tinakangana ndi anzanga ena pa nkhani ya sewero la Othello, ndipo chomwe ndinaona nchakuti ambiri dzinali amalidziwa koma nkhani yake amaidziwa theka. Wina anati, "si uja mwamuna wansanje anapha mkazi wake chifukwa cha kampango?" Wina nkuti ayi munthu ameneuja anali chitsiru basi, wanzeru sangamve zonena za mnzake nkukapha mkazi osamufunsa bwinobwino. Wachitatu anali atamva mau oti Othello syndrome kwa a zachipatala ndiye iye amaganiza kuti Othello ndi dzina la dokotala amene anatulukira matendawo. Ndiye ndati ndifotokoze pang'onopang'ono, chifukwa ambirife Shakespeare tinakumana naye ku sekondale kudzera mwa Macbeth kapena Romeo and Juliet, za Othello tinangomva dzina, chonsecho ili ndi sewero lomwe kwa ine limakhudza kwambiri zinthu zomwe timaziona m'mabanja ndi m'maofesi.

Seweroli ndi lotani

William Shakespeare analilemba cha m'ma 1603 kapena 1604, ndipo zolembedwa za nthawiyo zimasonyeza kuti pa 1 Novembala 1604 linaseweredwa ku nyumba yachifumu ya Whitehall ku London, mfumu ali James I. Kusindikizidwa linasindikizidwa mu 1622, mwini wake atamwalira kale mu 1616. Lili m'gulu la masewero otchedwa tragedy, kutanthauza sewero lomwe munthu wamkulu ndi wolemekezeka amagwa mpaka kufa, ndipo kugwa kwakeko kumakhudzana ndi zosankha zake, osati tsoka longomugwera ngati mphezi ayi.

Nkhaniyo sanaipeke yekha. Anaitenga kwa wolemba wa ku Italy, Giraldi Cinthio, m'buku la nthano lomwe linatuluka mu 1565. Koma anasintha zambiri, ndipo kusintha kumodzi nkofunika kukukumbukira: kwa Cinthio munthu woipa uja amamufuna mkaziyo, ndiye atakanidwa chikondi chinasanduka chidani, chifukwa chake nchoonekeratu. Shakespeare anachotsa chifukwa choonekeratucho nkutisiyira munthu amene mpaka lero anthu akukanganabe kuti kodi amafuna chani.

Othello ndi Moor. Mau amenewa azungu a nthawi imeneyo amatchulira Asilamu a kumpoto kwa Africa, komanso nthawi zina munthu aliyense wakhungu lakuda, sankasiyanitsa kwenikweni. Mu 1600 kazembe wa mfumu ya Morocco anakhala ku London miyezi ingapo, ndiye anthu oonera seweroli a Moor anali atawaonapo ndi maso. Othello wa m'seweromu ndi mkhristu, ndipo ndi mkulu wa asilikali a Venice, mzinda wolemera wa zamalonda wa ku Italy womwe nthawi imeneyo unkadzilamulira wokha ndipo unkakonda kulemba ntchito alendo kuti azitsogolera nkhondo zake. Chilumba cha Cyprus chinali m'manja mwa Venice kuyambira 1489 mpaka a Turkey atachilanda mu 1570 ndi 1571. Seweroli likuchitika nthawi yomwe a Turkey akuopseza chilumbacho.

Mmene zikuyambira

Othello wakwatira Desdemona mobisa, mwana wa Brabantio, mmodzi mwa akuluakulu a boma la Venice. Bamboyo amamukonda Othello, amamuitana kunyumba kuti azifotokoza za moyo wake, nkhondo zomwe anayamba ali ndi zaka 7, mmene anagwidwira nkugulitsidwa ukapolo kenako nkuomboledwa, maiko omwe anayenda. Desdemona amamvetsera nkhanizi mpaka kulira, chikondi chinayambira pamenepo. Koma atamva kuti mlendo uja wasanduka mkamwini, Brabantio anati sizingatheke, mwana wanga wadyetsedwa mankhwala. Mlandu unapita ku bwalo la akuluakulu usiku womwewo, Desdemona anaima pamaso pa onse nkunena kuti anasankha yekha, ndipo poti boma limamufuna Othello kuti akateteze Cyprus, nkhani inathera pomwepo. Potuluka Brabantio anamuponyera mkamwini wake mau, akuti uzimuyang'anitsitsa, wanamiza bambo ake ndiye akhoza kukunamizanso iwe. Mau amenewa muwasunge, abweranso.

Pambali pali Iago, wonyamula mbendera wa Othello, wazaka 28, amene wamenya naye nkhondo zambiri. Iye amayembekeza kukwezedwa kukhala wachiwiri kwa mkuluyo koma udindo unapita kwa Michael Cassio wa ku Florence, munthu amene Iago amati nkhondo amaidziwira m'mabuku. Palinso Roderigo, mnyamata wandalama amene amamufuna Desdemona ndipo amapereka ndalama ndi zibangiri kwa Iago poganiza kuti akumufikitsira, chonsecho Iago akungodya. Onse akupita ku Cyprus, namondwe akuphwanya zombo za a Turkey nkhondo isanayambe, ndiye asilikali atsala pachilumba opanda mdani woti amenyane naye.

Nsanje ndi kaduka si chinthu chimodzi

Apa Chichewa chikutithandiza. Nsanje ndi mantha oti chomwe uli nacho wina akulanda, kaduka ndi kupwetekedwa mtima poona chomwe mnzako ali nacho. Anthu amati seweroli ndi la nsanje ya Othello, nzoona, koma loyamba kuoneka pa siteji ndi kaduka ka Iago, ndipo nsanje ya Othello ikubadwa kuchokera m'kaduka kameneka pakati pa sewero penipeni. Chigawo choyamba ndi chachiwiri Othello alibe nsanje ngakhale pang'ono, moti ngakhale pomwe anthu a Brabantio anabwera ndi malupanga usiku iye anangowauza modekha kuti abweze malupanga awo mame angawachititse dzimbiri.

Nanga Iago amafuna chani? Shakespeare amagwiritsa ntchito njira yotchedwa soliloquy, pomwe wosewera amatsala yekha pa siteji nkumayankhula za mumtima mwake oonera akumva. Iago ali ndi zoyankhula zoterezi zambiri, ndipo m'sewero lonse iye ndi amene amayankhula mau ambiri kuposa Othello mwini dzina. Vuto ndi loti zifukwa zake zimasinthasintha. Apa akuti ndi za udindo uja, apa akuti wamva mphekesera yoti Othello anagona ndi mkazi wake Emilia ndipo akuvomera yekha kuti sakudziwa ngati nzoona koma achita ngati nzoona, apa akukayikiranso Cassio pa nkhani yomweyo, apa akuti nayenso amamukonda Desdemona, ndipo chakumapeto akunena kuti Cassio ali ndi kukongola kwa khalidwe komwe kumamuonetsa iyeyo kuipa. Wandakatulo Samuel Taylor Coleridge anati Iago ndi munthu amene ali ndi chidani chopanda chifukwa ndiye akusakasaka zifukwa zoti achipatse. Ena amatsutsa, amati munthu wodumphidwa pa udindo ali ndi chifukwa chokwanira, funsani aliyense amene anagwira ntchito zaka zambiri nkuona wobwera dzulo akukhala bwana wake.

Mmene Iago amagwirira ntchito yake

Apa ndi pomwe pali nkhani yonse, ndiye ndikhalapo pang'ono.

Chuma chachikulu cha Iago ndi mbiri yake. Aliyense m'seweromu amamutchula kuti Iago wachilungamo, Othello, Cassio, Desdemona, onse. Katswiri wina, William Empson, anawerenga mau achingerezi oti honest ndi honesty, kutanthauza wachilungamo ndi chilungamo, m'seweroli nkupeza kuti akupezeka ka 52. Ndipo mbiri imeneyi anaimanga osati ndi kukoma pakamwa ayi, koma ndi kuyankhula mwamwano pang'ono, kosapsatira, ngati msilikali amene sadziwa kunyengerera. Anthu timakhulupirira munthu wotere, timati uyu ndiye sabisa mau. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, koma mkuyu wa Iago sunali wokongola nkomwe, unali wokhakhala, nchifukwa chake palibe anaganiza zoung'amba kuti aone mkati.

Kenako amagwira munthu aliyense pa ubwino wake, kufooka kwake ndi khomo lolowera chabe. Cassio samwa mowa wambiri, amadziwa yekha kuti mutu wake sulimba, koma ndi munthu waulemu amene sangakane kumwa ndi anzake pa chisangalalo cha ukwati wa abwana. Iago akumumwetsa, nkutuma Roderigo kuti akamupute, ndeu ikubuka, Montano amene anali bwanamkubwa wa Cyprus akuvulala, Othello akudzuka pakati pa usiku nkumuchotsa Cassio pa udindo. Ndipo pofotokoza zomwe zachitika Iago akuchita ngati akumuikira kumbuyo Cassio, moti Othello akuti ndikudziwa Iago, ukuchepetsa mlanduwu chifukwa cha chikondi chako. Ndiye Iago yemweyo akupita kwa Cassio ndi uphungu: pita kwa amayi akakupepesere kwa abwana. Uphungu umenewu ndi wabwino ndithu, aliyense akanapereka womwewo. Desdemona ndi wachifundo ndipo akalonjeza chinthu sasiya, ndiye Iago akudziwa kuti akayamba kumupempherera Cassio sadzatopa, ndipo kupempha kulikonse kudzamveka ngati umboni.

Pachimake pake ndi chigawo chachitatu, chochitika chachitatu. Cassio akuyankhula ndi Desdemona, akuona Othello akubwera, manyazi akumugwira nkuchoka mwachangu. Iago akungoti, aa, zimenezo sindinazikonde. Othello akuti wati chani? Iye akuti palibe bwana. Si Cassio uja wachoka apa? Iago nkuti Cassio, ayi sindikuganiza kuti angazembe chonchija ngati wolakwa poona inu. Onani kuti sananene chilichonse choti mungamugwire nacho, wangoika mau oti kuzemba ndi kulakwa m'mutu mwa Othello kwinaku akuoneka ngati akukana. Pang'ono akufunsa ngati Cassio amadziwa za chibwenzi chao chisanafike pa ukwati, Othello akuti eya, amatiyendera pakati, Iago nkungoti, eti? Othello akamufunsa ngati Cassio ndi wachilungamo iye akungobwereza funsolo, akamufunsa kuti ukuganiza chani akungobwerezanso, mpaka Othello akupsa mtima kuti munthuyu akubisa chinthu choopsa m'mutu mwake. Tsopano zatembenuka, Othello ndi amene akukakamiza kuti auzidwe, Iago ndi amene akukana. Ndipo munthu chomwe wachikoka yekha m'kamwa mwa mnzake amachikhulupirira kuposa chomwe wangouzidwa, chifukwa amaona ngati wachifukula yekha.

Mau oti nsanje woyamba kumuchenjeza nawo Othello ndi Iago yemwe. Chenjerani ndi nsanje bwana, ndi chilombo cha maso obiriwira. Mau otchuka aja akuchokera m'kamwa mwa amene akuibzala nsanjeyo. Nzofanana ndi munthu wokuuza kuti usadandaule ndi zomwe anthu akunena za mkazi wako, iwe usanamve kuti pali zomwe anthu akunena.

Othello poyamba akulimba. Akuti mkazi wanga kukhala wokongola, wokonda kucheza, woimba ndi kuvina si mlandu, anali ndi maso ndipo anasankha ine, ndiyenera kuona kaye ndisanakayike. Apa Iago akusintha njira nkugwira pa bala lenileni. Akuti ine ndine wa kuno, akazi a ku Venice ndimawadziwa, zomwe amachita amuna ao sazidziwa. Othello ndi mlendo, moyo wake wonse wakhala m'misasa ya nkhondo, sangatsutse. Kenako akubweza mau a Brabantio aja, kuti pajatu ananamiza bambo ake pokwatiwa ndi inu, ndipo izi nzoona, Othello anaziona yekha. Chinthu chomwe Desdemona anachita chifukwa chomukonda chasanduka umboni womutsutsa. Pomaliza akunena chomwe chimapweteka kwambiri, kuti mkazi amene anakana amuna a dziko lake, a khungu lake ndi a msinkhu wa banja lake, mwina tsiku lina maganizo adzamubwerera nkuyamba kukuyerekezani ndi anyamata akwao. Atatsala yekha Othello akuyamba kudziwerengera zolakwa, kuti mwina poti ndine wakuda, mwina poti sindidziwa kuyankhula mokoma ngati anthu a m'tauni, mwina poti ndakula. Munthu amene anaima pa bwalo la akuluakulu mopanda mantha tsopano akudziona ndi maso a anthu omwe amamunyoza. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe anagwera, kampango kasanatayike nkomwe. Asanakayikire Desdemona anayamba wadzikayikira yekha kuti kodi ndingakondedwedi ine.

Kampango kaja

Kenako Desdemona akubwera, Othello akuti mutu ukundipweteka, mkaziyo akufuna kumumanga ndi kampango kake, iye akukakankha kuti nkakang'ono, kakugwa pansi. Ndi kopetedwa tizipatso ta sitiroberi, mphatso yoyamba yomwe Othello anamupatsa. Emilia akukatola nkupatsa mwamuna wake poti wakhala akumupempha kambirimbiri kuti akabe, ndipo sakudziwa kuti akafuna chani nako. Iago akukaponya m'chipinda cha Cassio. Iye mwini akunena kuti kwa munthu wansanje tinthu topepuka ngati mphepo timalemera ngati mau a m'Baibulo.

Othello akubwerera ali wolusa, akumugwira Iago pakhosi kuti ndipatse umboni wooneka ndi maso apo ayi ufa. Apa Iago anali pangozi yeniyeni. Koma akuyamba ndi kudandaula, akuti taonani dziko mmene lilili, kunena chilungamo nkoopsa, sindidzakondanso mnzanga. Kenako akufunsa kuti mukufuna muwaone ali pabedi? Funso lokha likujambula chithunzi m'mutu mwa Othello chomwe sichidzachokanso. Umboni womwe akupereka ndi maloto, akuti anagona chipinda chimodzi ndi Cassio ndipo anamumva akubwebweta dzina la Desdemona kutulo, komanso akuti anamuona akupukuta ndevu ndi kampango ka sitiroberi. Munthu anapempha kuona ndi maso, walandira maloto a munthu wina ofotokozedwa ndi munthu winanso, ndipo wakhutira. Awiriwa akugwada pansi nkulumbira, Othello akulamula kuti Cassio afe pasanathe masiku atatu, nkumuuza Iago kuti tsopano ndiwe wachiwiri wanga. Udindo uja waupeza, koma sakusiya.

Atamufunsa Desdemona za kampango, Othello akuti mayi ake anakalandira kwa mkazi wina wamatsenga wa ku Egypt, ndipo kakatayika chikondi cha mwamuna chimatha. Desdemona akuchita mantha nkunama kuti sikanatayike, nkuyesa kusintha nkhani pobweretsa za Cassio, zomwe zikungothira mafuta pamoto. Bodza lake ndi laling'ono, la munthu wamantha, koma likugwera pa nthaka yolimidwa kale.

Kenako Iago akumubisa Othello pakona kuti aonerere iye akucheza ndi Cassio. Akumufunsa Cassio motsitsa mau za Bianca, mkazi wa pachilumbapo amene amamukonda Cassio, ndiye Cassio akuseka nkumafotokoza mmene mkaziyo amamukakamirira. Othello sakumva mau, akungoona kuseka ndi manja, ndipo akumasulira zonse ngati za Desdemona. Mwangozi Bianca akutulukira atanyamula kampango komweko, nayenso ali ndi nsanje poganiza kuti Cassio anakalandira kwa mkazi wina. Izi Iago sanakonze, anangozigwiritsa ntchito. Zili ngati kuonetsedwa chithunzi chimodzi cha pa foni kapena kachidutswa ka uthenga wa pa WhatsApp kodulidwa pamwamba ndi pansi, chomwe waona ndi chenicheni koma tanthauzo lake wakupatsa ndi amene wakuonetsayo.

Mu 1693 wolemba wina, Thomas Rymer, ananyoza seweroli kuti anthu onsewa akufa chifukwa cha kampango, phunziro lake ndi loti amayi azisamala nsalu zao. Ambiri amamuyankha kuti kuchepa kwa umboniwo ndiye mfundo ya seweroli. Palinso china chomwe owerenga anazindikira: mukawerengetsa nthawi, kuchokera pomwe afika ku Cyprus kufika pa imfa ya Desdemona papita ngati tsiku limodzi ndi theka, ndipo Cassio anabwera pa chombo china. Nthawi yoti achite chigololo kambirimbiri monga Othello akunenera panalibe. Akanangokhala pansi nkuwerenga masiku, bodza lonse likanagwa.

Bwanji sanangomufunsa?

Ili ndi funso lomwe mnzanga uja anafunsa, ndipo ndi labwino. Kufunsa anafunsa, koma mochedwa komanso atagamula kale. Anamufunsa Emilia, amene analumbira kuti sanaonepo kalikonse ndipo amakhala ndi Desdemona nthawi zonse, Othello nkuti uyu akungomubisira mnzake. Anamutchula Desdemona hule osatchula dzina la mwamunayo kapena za kampango, ndiye mkaziyo amakana mlandu womwe sakuudziwa. Lodovico, nthumwi ya boma, atabwera kuchokera ku Venice ndi kalata yomuitana Othello kuti abwerere ndipo Cassio atsale akulamulira Cyprus, Desdemona anati ndasangalala, iye nkumumenya mbama pamaso pa alendo. Zoti akumuganizira ndi Cassio komanso kuti anamupatsa kampango akuzitchula koyamba ali kale pambali pa bedi kudzamupha. Desdemona akuti muitaneni Cassio anene yekha, Othello akuti pakamwa pake patsekedwa kale, mkaziyo akulira poona kuti mboni yake yokhayo yapita, iye nkuti ukumulirira pamaso panga.

Kulakwitsa kumeneku kuli ndi dzina. Katswiri wa za maganizo Paul Ekman mu 1985 anakutcha Othello error, kutanthauza kuona mantha a munthu wosalakwa amene akuopa kuti simumukhulupirira nkuwatenga ngati mantha a wolakwa amene wagwidwa. Zimachitika pofunsa anthu milandu, zimachitikanso m'nyumba. Munthu akafika poti kukana ndi umboni, kulira ndi umboni, kukhala chete ndi umboninso, palibe yankho lomwe lingamupulumutse woimbidwa mlanduyo.

Chinanso choti tione ndi pomwe banjali lili. Anakwatirana mobisa, bambo a mkazi anamutaya mwana wao, ndipo ali pachilumba chodzaza asilikali kutali ndi kwao. Kwathu kuno tikanati ndi ukwati wopanda ankhoswe, palibe malume kapena wina wamkulu woti mwamuna akatule nkhawa yake nkuuzidwa kuti dikira tiitane mbali zonse. Munthu yekhayo amene Othello amamuuza za mumtima ndi Iago. Desdemona atazunzika akupempha thandizo kwa Iago. Cassio akudalira Iago, Roderigo nayenso Iago. Mthirakuwiri amakhala ndi mphamvu pomwe anthu sakuyankhulana okha, ndipo ntchito yaikulu ya Iago inali kuonetsetsa kuti Othello ndi Cassio asakhale pansi limodzi ngakhale mphindi zisanu.

Wolakwa ndani, ndipo nchifukwa chani anthu akukambabe

Akatswiri anagawanika kalekale. A. C. Bradley mu 1904 anati Othello ndi munthu wolemekezeka amene mwachibadwa si wansanje, anangokumana ndi mdani wochenjera mopitirira muyezo amene anapusitsa aliyense, ngakhale mkazi wake yemwe. F. R. Leavis mu 1937 anatsutsa, anati Othello anagwa msanga kwambiri chifukwa amadzikonda ndipo Desdemona sanamudziwe kwenikweni, Iago anangotsegula chitseko chomwe chinali chosakhoma. Owerenga ena a masiku ano amafunsa funso lina, loti tiyerekeze Desdemona anachitadi chigololo, kodi kumupha kukanakhala bwino? Chifukwa Othello akulira pomaliza kuti anapha wosalakwa, osati kuti anapha. Ndipo akazi awiri m'seweroli akuphedwa ndi amuna ao usiku umodzi.

Nkhani ya khungu nayo ili ndi mbali ziwiri. Ena amati seweroli likuonetsa poyera tsankho, poti mau onyansa okhudza khungu la Othello akuchokera kwa Iago, Roderigo ndi Brabantio. Ena amati pomaliza likutsimikizira zomwe atsankhowo amanena, poonetsa munthu wakuda akupha mkazi wachizungu. Kwa zaka zoposa 200 Othello amaseweredwa ndi azungu odzipaka zakuda, kuyambira Richard Burbage, ndipo Laurence Olivier anachitabe zimenezi mu 1964. Ira Aldridge, wakuda wochokera ku New York, anasewera Othello ku nyumba ya zisudzo ya Covent Garden ku London mu 1833 ndipo nyuzipepala zina zinamunyoza. Paul Robeson anasewera ku London mu 1930 kenako ku Broadway ku New York kuyambira 1943, komwe linaonetsedwa ka 296. Ku Johannesburg John Kani anasewera Othello ku Market Theatre mu 1987 motsogozedwa ndi Janet Suzman, patangopita zaka ziwiri chichotsereni lamulo loletsa wakuda ndi mzungu kugonana kapena kukwatirana.

Za Othello syndrome zija, dzinali analipereka ndi madokotala awiri, John Todd ndi Kenneth Dewhurst, mu 1955. Ndi matenda a maganizo omwe munthu amakhulupirira kotheratu kuti mnzake wa m'banja akuzemba popanda umboni, amafufuza zovala, amalondalonda, amafunsa usiku wonse, ndipo palibe chomwe chingamusinthe maganizo. Amapezeka mwa ena omwa mowa mwauchidakwa, ena odwala misala, okalamba oiwalaiwala, ngakhale ena omwa mankhwala ena a matenda a Parkinson, ndipo ndi oopsa chifukwa amatha kufika pa kuvulaza kapena kupha. Koma madokotala ena amati dzinali silikugwirizana bwino ndi seweroli, poti wodwalayo bodza limabadwa m'mutu mwake pomwe Othello anachita kunamizidwa ndi munthu wamoyo amene amamukhulupirira.

Emilia

Munthu amene amaiwalika kawirikawiri ndi Emilia, chonsecho ndi amene akumvetsa nsanje kuposa onse. Desdemona atanena kuti sindinamupatsepo chifukwa, Emilia akuyankha kuti ansanje safuna chifukwa, nsanje imadzibala yokha. Akunenanso poyera, Iago ali pomwepo, kuti pali kathyali wina wofuna udindo amene wapeka bodzali, osadziwa kuti akunena mwamuna wake. Koma nayenso ali ndi mbali yake, anali pomwepo Desdemona akusaka kampango ndipo anati sindikudziwa, anaona Othello akukalipa chifukwa cha kampango komweko nkukhalabe chete.

Usiku womaliza Iago akubaya Cassio mwendo mumdima nkupha Roderigo kuti asaulule. Othello akumutsamwitsa Desdemona pabedi, ndipo maganizo oti amuphere pabedi osati ndi poizoni anali a Iago. Emilia akulowa, Desdemona akutsitsimuka pang'ono, ndipo atafunsidwa kuti wachita izi ndani akuti palibe, ndine ndekha. Othello akuvomera kuti ndi iye, nkunena kuti mwamuna wako ndi amene anandiuza zonse. Emilia akungobwereza, mwamuna wanga? mwamuna wanga? Kenako akukuwa mpaka anthu akubwera, ndipo Othello atatchula kampango iye akuulula kuti ndinakatola ndine nkupatsa Iago. Iago akumulamula kuti atseke pakamwa apite kunyumba, iye akuti kumvera mwamuna nkoyenera koma osati lero, ndipo Iago akumubaya nkuthawa. Chiwembu chonse chomwe chinapusitsa mkulu wa asilikali chikugwetsedwa ndi mkazi amene Iago sanamuwerengere nkomwe.

Zamvekanso kuti Brabantio anamwalira ndi chisoni ku Venice. Makalata opezeka m'thumba la Roderigo akutsimikiza zonse, Cassio akufotokoza kuti kampango anakapeza m'chipinda chake. Othello akupempha kuti pokanena za iye asachepetse kapena kuonjezera, anene kuti anali munthu amene anakonda kwambiri koma mopanda nzeru, kenako akudzibaya nkufera pambali pa Desdemona. Koma izi zisanachitike anali atapempha kuti amufunse Iago, amene anali atagwidwa, chifukwa chomwe anamukolera chonchi. Iago, munthu amene wayankhula kuposa aliyense kuyambira chiyambi cha sewero, akuti musandifunse kanthu, zomwe mukudziwa mukudziwa, kuyambira pano sindiyankhulanso. Cassio akupatsidwa ulamuliro wa Cyprus ndi ntchito yomulanga, Lodovico akukwera chombo kukanena ku Venice, ndipo Iago akutuluka pa siteji ali moyo, osatsegulanso pakamwa.